Sabata Imene Sekadora Inaleka Kutentha

Ntchito yanga inali yochapa. Ndiyambe ndi kunena zimenezi, chifukwa pali ena amene akamva nkhaniyi amayamba kundikweza, ati ndinali mekaniku. Mekaniku wa chiyani? Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, ndipo chida chimene ndinkachidziwa chinali sabawu, sopo uja, ndi mwala wochapira. Koma sekadora ija ndinaikonza ndine, ndi manja angawa, ndipo zimenezo sindilola munthu kundilanda.

Kachipatala kathu kanali pamtunda, chapatali pang'ono ndi msewu wopita ku Cassacatiza. Kale kanali ka mishoni. Boma litakatenga, ansembe ndi masisitere anachoka, kupatula sisitere mmodzi wokalamba, mzamba, amene anakaniratu kusamuka. Tonse tinkangowatcha a Irima. Woyang'anira chipatala anali enfirimeru, ndiye kuti namwino wamwamuna, wachinyamata wochokera ku Tete, munthu wodziwa kubaya jakisoni mosapweteka, koma wodzimva. Akamalankhula ndi ife ochapa ndi ophika ankayang'ana pamwamba pa mitu yathu.

M'chipinda chochapiramo munali makina oumitsira zovala amene masisitere anasiya. Amenewo ndiwo tinkati sekadora. Chinali chibokosi choyera chachitsulo chokhala ndi mgolo m'kati. Ukaponyamo zonyowa, mgolowo unkazungulira, mpweya wotentha n'kumadutsa m'zovalazo, kenako n'kumatuluka kunja kudzera m'chitubu chimene chinaboola khoma kumbuyo. Inkagwira ntchito m'mawa mokha, pamene motolo wa magetsi ankalizidwa kuti tipope madzi ndi kuphika zitsulo za a Irima. Gazoliyo, mafuta a motoloyo, ankabwera ndi koluna, magalimoto aja oyenda pamzere moperekezedwa ndi asilikali, ndipo koluna inkabwera ikafuna.

Wina angafunse kuti dzuwa lonse la kwathuli, makina oumitsira zovala a chiyani. Wofunsa choncho sanakhalepo kuno nyengo ya mango. Nthawi imeneyo kumabwera ntchentche ina imene imaikira mazira pa chovala chonyowa choyanikidwa panja. Ukachivala osasita, kamphutsi kamalowa pakhungu, n'kutupa ngati chithupsa, kachirombo kali m'kati kakukula. Munthu wamkulu amangotukwana n'kufinya. Khanda ndi nkhani ina. Mankhwala ake ndi kutentha basi, nsimbi kapena sekadora. Nsimbi tinali nayo, koma makala anali atasowa. Ootcha makala anasiya kulowa m'tchire chifukwa cha mabomba okwirira ndi anthu amfuti amene ankakhala kumeneko. Nkhuni zenizenizo tinkachita kutolera timitengo m'mbali mwa mpanda.

Anthu a m'tchire aja anali atatiyenderapo kamodzi. Anatenga mankhwala, mabulangete ndi mchere wonse, ndipo mayi wophika anamumenya mpaka anaulula pamene panali thumba lobisika. Mchere masiku amenewo unali moyo. Ndi umene tinkasungunula ndi shuga pomwetsa ana otsekula m'mimba, ndi umenenso tinkatsukira mabala. Chichitikireni zimenezo a Irima anaika lamulo. Mchere ukabwera ankaugawa kwa antchito tonse, aliyense akabise gawo lake kumene akudziwa yekha, osauza mnzake, osauza ngakhale a Irima amene. Ankati munthu sangaulule chimene sakuchidziwa, ndiye akamenya mmodzi atenga kathumba kamodzi. Wanga ndinkauika m'kamphika n'kukwirira pansi pa mwala wochapira. Wa anzanga sindinkadziwa, ndipo kufunsa kunali kulakwa.

Mvula ili pakati, kunafika mayi wina wochokera cha ku Mualadzi. Anayenda masiku angapo wapansi pothawa, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anabereka tsiku lomwe anafikalo. Kanali kamtsikana kokwana m'manja awiri, kofiira, nthiti zikuwerengeka. A Irima anakagoneka m'katoni moyala thonje, mabotolo a madzi ofunda m'mbali, n'kumakadonthezera mkaka wa mayi ake ndi supuni. Ine anandiitana n'kundiuza kuti ana otere sawapha ndi matenda ambiri ayi, chimawapha ndi kuzizira ndi chinyezi, choncho nsalu za mwanayu zizibwera zouma gwa, nthawi zonse, ngakhale ena onse agone pa zonyowa. Ndinavomera mosavuta. Sekadora inalipo, ndikanaopa chiyani?

Patangopita masiku awiri koluna inabwera, ndi gazoliyo pang'ono ndi mchere. Tinagawana monga mwa lamulo, aliyense n'kuzemba ndi kathumba kake. M'mawa mwake sekadora inatentha modabwitsa. Chitseko chake sichinkagwirika, m'chipinda munadzaza nthunzi, ndipo malensolo, nsalu zoyala pakama zija, anatuluka akununkha chiwawu koma ali a chinyezi. Ndinangoti mwina motolo wasangalala ndi mafuta atsopano. Mkuja wake ndinaponyamo matewera, ndikumva mgolo ukuzungulira bwinobwino, phokoso lake lomwe lija. Nditatsekula, ndinapeza zili zii, zozizira ngati zangochoka kumene m'beseni.

Ndinathamangira kwa a Enfirimeru. Anabwera, n'kuyang'ana makinawo manja ali m'matumba, n'kunena kuti alemba kalata ku Tete, katswiri abwera ndi koluna yotsatira. Mekaniku wathu anali atatengedwa usilikali chaka chapitacho. Nditafunsa kuti nanga mwana uja adikira koluna, anandiyankha kuti makinawo ndi katundu wa boma, ndipo aliyense womasulapo kanthu popanda chilolezo ayankha mlandu wa kuwononga dala. Mlandu umenewo nthawi ya nkhondo sunali wosekera. Anthu ankatengedwa nawo osabwerako. Ndinabwerera pamwala wanga.

Kunja kunali mvumbi, mvula ya tsiku lonse yosadziwa kukata. Ndinamanga zingwe m'chipinda, zovala n'kukhala masiku atatu zisanaume, zikuyamba kale chuku. Ndinayesa kuyanika pamwamba pa moto kukhitchini, koma nkhuni zinali zaziwisi, nsalu zinatuluka zakuda ndi utsi, kamwana kaja n'kuyamba kutsokomola. A Irima anazibweza. Ndinafika pomanga matewera m'chiuno mwanga pansi pa chitenje kuti aume ndi thupi langa. Ndiye tsiku lina masana dzuwa linasuzumira. Ndinadziwa bwino za ntchentche zija, sindinganame kuti sindinkadziwa. Koma m'kabati munalibe nsalu youma ngakhale imodzi, ndipo mwana anali atagona pa yonyowa. Ndinayanika panja, ndikuimirira pomwepo ndi kanthambi koingitsira, ndipo zitauma ndinakutumula mwamphamvu n'kupita nazo.

Patapita masiku anayi a Irima anandiitana. Anatembenuza kamwana kaja n'kundionetsa kumsana. Panali totupa titatu, tofiira, kalikonse ndi kadontho kakuda pakati. Anapakapo mafuta kuti tizirombo tisowe mpweya, kenako n'kufinya pang'onopang'ono, ndipo kamphutsi koyera kanatuluka kakupotokola. Chimene chinandiswa mtima n'chakuti mwanayo sanalire. Anangoyasamula kakamwa, mawu osatuluka. Mayi ake anali atakhala pakama, maso ali pa ine. Akanandinyoza bwenzi zili bwino.

A Irima sanandidzudzule. Anangoti, “Mwanawe, kakalowedwanso kachiwiri, kapena kakagona m'zonyowa masiku ena awiri, tikakaika m'manda.”

Ndinatuluka ndili ndi ukali. Ndinakwiyira ntchentche, nkhondo, kalata ya ku Tete, koma koposa zonse ndinadzikwiyira ndekha, chifukwa nsalu imene inalowetsa mphutsi ija inachokera m'manja mwanga. Ndinalowa m'chipinda chochapiramo, ndinatseka chitseko, n'kuiuza sekadora kuti lero tionana. Za mlandu ndinati zidzaoneka konko.

Za magetsi sindinkadziwa, koma za moto ndinkadziwa. Moto ukakana kuyaka, pasowa nkhuni kapena pasowa mpweya. Nkhuni za makinawa ndi magetsi, ndipo mgolo unkazungulira, kusonyeza kuti magetsi akufika. Komabe ndinakumbukira kuti mekaniku uja zinthu zikavuta ankayamba ndi kuzula timadongo tiwiri toyera pa bokosi la pakhoma, n'kuyang'ana kawaya kali m'kati mwake. Motolo anali wozima, choncho ndinatizula. Tiwaya tonse tiwiri tinali tathunthu. Ndinasolola sefa ya pachitseko imene imakola ubweya wa nsalu, ngakhale ndinkaichotsa tsiku ndi tsiku. Inali mbee. Ndinagwedeza chitseko, ndinatsata nthambo mpaka kukhoma kuona ngati makoswe aidya. Panalibe chilichonse.

Panatsala mpweya. M'mawa motolo atalira ndinayatsa sekadora yopanda kanthu, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, kumene munthu sapitako, udzu wonyowa ukundifika m'chiuno. Masiku onse pakamwa pa chitubu pankatuluka mphepo yamphamvu moti udzu wa pamenepo unkagona, ndipo nkhuku zinkakonda kuunjikana pansi pake kuothera. Tsikulo panalibe nkhuku. Ndinaika dzanja, kenako tsaya. Ngakhale kamphepo kozizira sikankatuluka. Ndinathyola nsungwi n'kuilowetsa. Inapita kutalika kwa mkono n'kugunda chinthu cholimba.

Ndinaganiza za khoswe wakufa, koma fungo panalibe. Ndinadikira motolo azime, n'kubwerera m'kati. Chibokosi chija n'cholemera, abale, koma ndinachikankha ndi msana mpaka chinasiyana ndi khoma. Chitubu chinamangidwa ndi kalamba kachitsulo ka parafuzu imodzi, kamsomali kaja kopota. Ndinamasula ndi nsonga ya mpeni wa patebulo, ndinachisolola, n'kupisa dzanja. Ndinakhudza nsalu yokutira chinthu ngati mwala. Kukoka, osatheka. Ndinachita kugogoda ndi mwala kuchokera kunja ndi nsungwi ija, ndikuthamanga uku ndi uku ndekha ngati wamisala, mpaka chinagwera m'kati kuti phii.

Kanali kathumba ka mchere. Unali utamwa nthunzi yonse ya zovala zanga n'kuuma kukhala chibuma chimodzi, chotseka chitubu ndendende.

Ndili chigwirire m'manja, chitseko chinatsekuka, a Enfirimeru n'kulowa. Anali atamva kugogoda. Ataona makina ali pakati pa chipinda, chitubu chili pansi, anayamba kukuwa m'Chipwitikizi za katundu wa boma ndi za lipoti limene alembe. Ine ndinangokweza kathumba kaja kuti akaone bwino. Mawu anawathera pakati pa chiganizo. Anayang'ana kathumbako, anayang'ana dzenje la pakhoma, n'kukhala pansi pa beseni lovundikira.

“Ndimayesa ndi dzenje lakale la madzi,” anatero motsitsa. “Ndinaukankhira m'kati ndi ndodo kuti usaoneke.”

Aa, pamenepo ndiye ndinamasuka. Ulemu sindinataye, ndinkati inu ndithu, koma ndinawauza zonse zimene zinali kukhosi. Ndinawafunsa kuti zaka zonse akhala pano sanazungulireko kuseri kwa nyumba n'kuona nthunzi ikutuluka? Ndinati sukulu yonse ija, Chipwitikizi chonse chija, kudzathera potseka mphuno ya makina ndi mchere, kenako n'kumaopseza ochapa ndi ndende. Ndinawauza za totupa titatu kumsana kwa mwana. Nditatopa ndinaona kuti maso awo afiira, ukali n'kundithera. Munthuyo sanabe kanthu. Anabisa mchere wa odwala monga tonse tinabisira, ndipo lamulo lomwe lija losauzana ndi limene linachititsa kuti pasapezeke womuchenjeza. Ndikanadziwa tsiku loyamba bwenzi ndinangoseka n'kukauchotsa.

Anandithandiza kumanga chitubu ndi kubwezera makina pamalo. Ndinagona ndi mtima woti zatha. Koma m'mawa, motolo atalira, ndinathamangira kuseri n'kupeza mphepo ikutuluka ndithu, yamphamvu, udzu ukugwedera, koma yozizira. Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Limodzi mwa masiku awiri aja a Irima ananena linali litapita kale, ndipo usiku umenewo mwana anali atagonera chidutswa cha mkanjo wa a Irima, chimene anang'amba okha posowa china chouma.

Ndili pansi pomwepo ndinayamba kulingalira za tsiku lija makina anatentha mopitirira. Chinthu chotsekedwa mphuno, moto ukuyaka m'kati, chinayenera kupsa ndi nyumba yomwe. Sichinapse. Ndiye kuti m'katimo muli china chake chimene chinaona kuti zafika poipa n'kuzimitsa moto, ndipo sichinadziwe kuti mphuno yatsekuka. Mwina chinapseratu, mwina chinangofunika kuuzidwa. Sindikanadziwa popanda kuona.

Motolo atazima ndinazula timadongo tija pakhoma n'kutiika m'thumba la diresi langa, kuti pasapezeke woyatsa ndili m'kati. Ndinakankhanso chibokosi. Kumbuyo kwake kunali chitsulo chophwatalala chomangidwa ndi maparafuzu asanu ndi imodzi. A Enfirimeru anabwera okha osaitanidwa, ananyamula nyali, n'kuima pambali panga. Ulendo uno za boma sanatchule. Parafuzu imodzi inali ya dzimbiri, mpeni unaterereka n'kundicheka chala, chipsera chake ndi ichi ndili nacho mpaka lero. Ndinamanga kansanza n'kupitiriza.

M'kati munali mawaya opotanapotana ngati masipiringi a kama, omangidwa pa timadongo tina. Ndinadziwa kuti moto umachokera mmenemo, chifukwa chitsulo chozungulira chinali chowauka. Ndinawatsata ndi maso kuchokera poyambira mpaka pothera, pang'onopang'ono, monga mmene umafunira nsabwe mumsoko. Sanaduke paliponse. Pamwamba pake panali tinthu tiwiri tozungulira, tokula ngati batani la jekete, kalikonse ndi nthambo ziwiri. Kamodzi kanali kosalala. Kanzake kanali ndi kansonga kofiira kotumphuka pakati. A Enfirimeru ananong'ona kuti mwina tisakhudze chimene sitikuchidziwa. Ndinawayankha kuti chinthu sachipaka utoto wofiira n'kuchisiya chotumphuka ngati safuna kuti munthu achidine. Ndinachita chizindikiro cha mtanda, n'kudina ndi chala.

Kanalira kuti tcha, n'kukhala m'kati.

Basi, kanali komweko. Ndinatsala pang'ono kutukwana. Sabata yathunthu ndi masiku angapo a mavuto, mphutsi kumsana kwa mwana, chifukwa cha kanthu kochepa kuposa njere ya chimanga. Komabe sindinadziwe ngati zatheka. Ndinamanga zonse, ndinabwezera timadongo, n'kupita kwa a Irima kukapempha chimene sichinkachitika, kuliza motolo kachiwiri tsiku limodzi. Gazoliyo ankamuyeza ndi kapu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana chala changa chomanga, n'kunena kuti andipatsa theka la ola. A Enfirimeru anavula malaya awo oyera n'kukapukusa motolo okha.

Ndinaponyamo matewera asanu ndi kabulangete kamodzi, n'kuika chikhatho pachitseko. Chitsulo chinali chozizira. Ndinayamba Tikuoneni Maria, ndinamaliza, ndinayambanso. Pa kachitatu ndinaona ngati dzanja langa ndi limene likufunditsa chitsulo, ndiye ndinalisuntha n'kuika pena. Panalinso pofunda. Ndinatuluka liwiro mvula ikundimenya, kukafika kuseri, ndipo pakamwa pa chitubu pankafuka nthunzi yoyera. Ndinalulutira ndekha kuseri kwa nyumba, odwala mpaka anasuzumira pamawindo kuyesa kuti nkhondo yatha.

Nsalu zija ndinazitulutsa zili zotentha, zouma gwa, ndinazibisa m'kati mwa diresi kuti mvula isazikhudze, n'kudutsa pabwalo ndikuthamanga. A Irima anachotsa chidutswa cha mkanjo chija n'kumukulunga mwanayo m'kabulangete kofunda. Timiyendo timene tinali titakhwinyata tinayamba kutambasuka. Ndinanyada tsiku limenelo, sindibisa, ndipo ndikunyadabe. Anthu ophunzira analemba kalata. Ine wochapa ndinazungulira kuseri kwa nyumba.

M'mawa mwake a Enfirimeru anatisonkhanitsa antchito tonse n'kunena okha kuti mchere unali wawo, ndipo amene wakonza makina ndi ine. Sindinawapemphe. Kuyambira pamenepo akamandilankhula ankandiyang'ana kumaso. A Irima anasintha lamulo pang'ono, kuti bisani kumene mukufuna, koma m'dzenje lililonse limene simukudziwa ntchito yake musaikemo kanthu. Katswiri wa ku Tete uja sanabwere, mpaka tsiku limene tonse tinathawira ku Zambia n'kusiya sekadora ili chiimire.

Mwana uja anakhala m'katoni nthawi yaitali. Mabala anapola, anayamba kuyamwa yekha, ndipo tsiku lina ndikudutsa ndi beseni ndinamva kulira kwaukali m'chipindamo mpaka ndinaima kufunsa kuti wabadwa wina. Mvula ikupita kumapeto a Irima ananena kuti tsopano angathe kuona kunja.

Kwathu mwana satuluka m'chikuta chisawawa. Tsiku loyamba kuona dzuwa amamunyamula ndi mayi wamkulu wa pabanja, agogo ake kapena azakhali, ndiye amadutsa naye pakhomo. M'mawa umenewo ndinali pamwala ndikuchapa, thovu mpaka m'zigongono, ndipo ndinamva kuti akundiitana. Ndinapita ndikupukuta manja pachitenje, ndikuganiza kuti pali zonyowa zoti nditenge. Ndinapeza mayi uja ataima pakati pa chipinda, mwana ali m'manja. Miyezi yonseyo anali asanandilankhulepo mawu opitirira moni. Anagwada.

“Kwathu akanamutulutsa ndi amayi anga,” anatero. “Amayi tinawasiya panjira pobwera, sanathe kuyenda. Mutulutseni ndinu.”

Ndinati ine ndine wochapa chabe, komanso ndine uja ndinamulowetsa mphutsi. Anangotambasula manja osadzuka. Ndinamulandira. Anali atayamba kulemera, ndipo anandigwira chala chamanthu. Ndinayenda naye pang'onopang'ono mpaka pakhomo, ndinatsika masitepe awiri aja, ndipo dzuwa litamuwomba kumaso anatsinzina n'kuyetsemula.